Tsiku Limene Zakia Anatera ku Jeda

Ndege yoyamba imene Zakia anayendetsa inagwera m'munda wa chimanga, koma palibe anavulala. Yachiwiri inatera bwinobwino, kungoti inatera pabwalo la eni ake, osati kumene inkapita. Zonsezi zinkachitikira m'kachipinda kotentha kuseri kwa shopu yokonzera mafoni, kufupi ndi mlatho wa pa Mangochi, mmene mnyamata wina dzina lake Rowland anaikamo kompyuta yakale, masikirini awiri, chiwongolero chapulasitiki ndi mpando wozulidwa mu minibasi. Mwini wake ankachitcha simuleta. Ukakhala pampando paja, kutsogolo kwako kunkaoneka mawotchi ndi mabatani onse a ndege yaikulu yonyamula anthu, ndipo pawindo pankadutsa mitambo ngati yeniyeni.

Zakia anali mwana wa Che Mustapha, ogulitsa nsalu pamsika. Chibadwire anali asanakwerepo ndege, koma anali atalembera ku kampani ina imene inkafuna achinyamata oti iwaphunzitse kukonza maulendo a ndege, ndipo anamuitana kuti akayesedwe ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi. Mnzake wina ndiye anamuuza za mnyamata wa ku Malindi, mwana wa pamishoni, amene amauluka atakhala pansi. Anapitako kamodzi kuti akangoona. Kenako anayamba kupitako masana alionse, kunyumba akudziwa kuti ali ku laibulale.

Rowland sankamulola kugwira chiwongolero asanakonze ulendo. Choyamba Zakia ankatsegula mapu n'kusankha njira, kuchoka pa chizindikiro china kupita pa china, zizindikiro za m'mlengalenga zosaoneka ndi maso, za maina opinda lilime. Akatero ankaona nyengo, kulemera kwa anthu ndi katundu, kenako n'kuwerengera mafuta: ofikira kumene akupita, ozungulira m'mwamba akapeza bwalo latsekeka ndi chifunga, othawira kubwalo lina, ndi ena otsala osakhudza ngakhale zivute bwanji.

"Mwasocheranso," anatero Rowland masana ena, ataima kumbuyo kwa mpando. "Chileka ali uku, inu mukulowera ku Mwanza."

"Koma ndaloza pomwepo! Taonani, mphuno ya ndege ili pamzere."

"Mphuno ili pamzere, eya. Nanga mphepo? Munaonapo msodzi akuwoloka Shire pabwato? Amaloza pamene akufuna kukocheza?"

Zakia anaganiza kaye. "Ayi. Amaloza kumtunda, madzi n'kumamutsitsa."

"Basitu. Mphepo ikuchokera kum'mawa. Ipatseni gawo lake."

Zakia anatambasula dzanja kuti apotoze kabatani kosinthira kolowera, koma anapotoza mopitirira. Rowland anawerama n'kuika zala zake pamwamba pa zake, nabweza kabataniko pang'onopang'ono. Mzere wa pamapu unawongoka. Zala sizinachoke msanga. Zakia anamva fungo la sopo wake ndi la waya wowotcherera, ndipo anayang'anitsitsa mawotchi ngati kuti muli nkhani yaikulu.

Atayandikira Chileka, pambali pa msewu woterapo panaoneka magetsi anayi ondondozana.

"Magetsi akuti chiyani?" anafunsa Rowland.

"Awiri ofiira, awiri oyera."

"Ndiye muli bwino. Akafiira onse mwatsika kwambiri, akayera onse muli m'mwamba."

Funso limeneli ankalifunsa ulendo uliwonse, ndipo Zakia ankangoti ndi njira yake yomuyesera.

"Odi kuno, oyendetsa ndege!"

Pakhomo panaima mtsikana wamtali, atanyamula kontena yokulungidwa m'chitenje. Sanadikire kuti amuyankhe. Analowa, naika kontenayo patebulo, n'kumuyang'ana Zakia kuyambira pampango wa kumutu mpaka kuzala za kumiyendo.

"Rowland, amayi ako akuti udye chambo ichi, wayamba kuonda. Akuti kaya n'chiyani chikukudya kutauni kuno."

"Awa ndi a Zakia, ndimawaphunzitsa," anatero Rowland mofulumira. "A Zakia, uyu ndi Triza. Timayimba limodzi kwaya kwathu."

"Kuyimba kokha? Unene zonse. Tinakulira limodzi, ndipo amayi ake amanditchula kuti apongozi." Triza anaseka, koma maso ake sanaseke. "Pitirizani, musandione ine. Ndingojambula makina anuwa, anthu kwathu sakhulupirira."

Rowland anaweramanso kuti athandize Zakia kuchepetsa mphamvu ya injini. Foni ya Triza inalira kuti khetche. Ndege inagunda pansi mwamphamvu, n'kudumpha kawiri.

* * *

Chithunzi chimayenda kuposa minibasi. M'mawa mwake chinali chitafika mufoni ya a Shafi, achimwene ake a Zakia, ndipo a Shafi anachipereka kwa amayi awo, a Awa, amene anthu onse ankawatcha Abiti Dinala.

"Laibulale yake ndi imeneyi?" anafunsa Abiti Dinala, atamuyandikizira foniyo kumaso.

Pachithunzipo makina sankaoneka n'komwe. Pankaoneka tsaya la Rowland pafupi ndi mpango wake, ndi manja awiri pamalo amodzi.

"Amama, ndimakaphunzira. Mayeso aja ndi..."

"Kuphunzira kogwirana manja? Mwana wa Chisilamu, m'kachipinda ndi mwamuna wa kutchalitchi? Ukufuna ndiziyenda bwanji pamsika?"

"Ndi munthu waulemu, amama. Dzina lake ndi..."

"Sindikufuna n'kulimva komwe. Kumeneko usakapondekonso. Za ku Lilongwezo aweruza ndi ababa ako."

Tsiku limenelo Zakia anakhala pakhomo. Madzulo anatsuka mbale, nalowa kuchipinda, n'kukhala pamphepete pa bedi. Mufoni munali kale mameseji a Rowland. *Lero simunabwere. Ndakukonzerani chifunga chabwino pa Chileka.* Ina inati: *Mwakwiya?*

Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. *Apongozi a amayi anu atumiza chithunzi kwathu. Andiletsa kubwera.*

Yankho silinachedwe. *Pepani, Zakia. Sindinadziwe kuti achita zimenezo. Triza si chibwenzi changa. Amayi ndi amene amamufuna, osati ine.*

*Mapanga awiri avumbwitsa, a Rowland. Mundiuze zoona. Kodi ine ndine bwalo lothawirako?*

Panapita kanthawi, timadontho ta kulemba tikuoneka n'kuzimiririka.

*Bwalo lothawirako ndilibe. Ndinanyamuka ndi mafuta ofikira kwa inu basi.*

Zakia anatseka pakamwa ndi dzanja kuti amake asamve kuseka kwake, koma misozi inali itatsika kale. Aka kanali koyamba kuti Rowland anene poyera.

*Ndiye mwalephera mayeso, aphunzitsi,* anayankha. *Munthu sanyamuka choncho.*

*Ndikudziwa. Ndanyamuka kale.*

* * *

Masiku otsatira anali aatali. Zakia ankasesa, ankaphika, ankaswali, ndipo amake sankamuchotsa diso. Che Mustapha sananene kanthu. Anali munthu wosachedwa kumva koma wochedwa kulankhula, ndipo pakhomopo onse ankadziwa kuti akakhala chete ndiye kuti nkhani akuitembenuza.

Loweruka masana iwo anapeza Zakia pakhonde akusankha mpunga. Timiyala timene anatola sanatitaye. Anatindanda pamphepete pa lichero, ndipo ankayendetsa njere imodzi kuchoka pa kamwala kena kupita pa kena, milomo ikung'ung'udza manambala.

"Chimenechi n'chiyani?"

Zakia anadzidzimuka. "Palibe, ababa."

"Palibe sachita kundanda. Tanena."

Anawafotokozera mwamanyazi. Kamwala aka ndi Lilongwe, aka ndi Chileka. Apa ndi pamene ndege iyenera kuyamba kutsika, chifukwa ikachedwa ifika pabwalo ili m'mwamba, ikafulumira iwononga mafuta. Akulankhula choncho manyazi anatha, mawu anakwera, manja anayamba kuuluka. Che Mustapha ankayang'ana nkhope ya mwana wawo, osati lichero.

"Kavale nsapato," anatero pomaliza. "Ukandionetse laibulale yakoyo."

* * *

Rowland atawaona pakhomo la shopu, sikuludiraiva inamupulumuka m'manja. Anapukuta manja kumalaya, napereka moni atagwira mkono, n'kuwalowetsa kuseri. Chitseko anachisiya chotsegula, n'kuchitsamiritsa ndi mwala.

Che Mustapha anayang'ana mawaya, masikirini ndi mpando wa minibasi. Anakoka sitolo n'kukhala pambali pake, nakonza kofia yawo.

"Chinthu chimenechi chimafika kulikonse?"

"Kulikonse kumene kuli bwalo la ndege, bambo."

"Ku Maka chimafika?"

Zakia anayang'ana ababa ake. Chaka chilichonse iwo ankaperekeza anzawo opita ku Haji mpaka pabasi, n'kubwerera kunyumba ali chete, ndipo tsiku limenelo sankadya bwino.

"Ku Maka kulibe bwalo, ababa," anatero motsitsa mawu. "Ahaji amatera ku Jeda."

"Ndiye nditengere ku Jeda. Iweyo, osati aphunzitsi akowa."

Zakia anali asanakonzepo ulendo wautali chonchi. Anakhala pampando, natsegula mapu. Rowland anabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma, napinda manja kumsana ngati akuopa kuti angamuthawe. Zakia anayala njira kuchoka ku Lilongwe kulowera kumpoto, kudutsa Tanzania, Kenya ndi Ethiopia, n'kuwoloka Nyanja Yofiira. Anaona mphepo ya m'mwamba, napeza kuti mbali ina ya ulendo idzawomba chakumaso, ndiye anawonjezera mafuta. Atatero ndege inalemera mopitirira, ndipo anachotsako katundu.

"Ukuchotsa masutikesi a anthu?" anafunsa Che Mustapha.

"Abwera pa ndege ina, ababa. Mafuta sangabwere pa ndege ina."

Mkuluyo anagwedeza mutu, ndevu zikubisa kumwetulira.

"Tsopano ndisankhe bwalo lothawirako, ngati ku Jeda titapeza fumbi latseka. Ndasankha Madina."

"Madina?" Maso a Che Mustapha anawala. "Ndiye fumbilo litseke ndithu!"

Onse atatu anaseka, ndipo kachipindako kanapepuka.

Injini zinalira m'timasipika, msewu unathamanga, dziko linatsalira pansi. Che Mustapha anagwira mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Atafika pamwamba pa mitambo, Rowland anafulumizitsa nthawi kuti ulendo wa maola ambiri uthe msanga, ndipo Zakia ankatchula chizindikiro chilichonse akachidutsa, n'kuyerekeza mafuta otsala ndi amene anawerengera. Pamwamba pa Ethiopia anapeza kuti mphepo yakula kuposa mmene ankayembekezera. Anatembenuka kuti afunse, koma Rowland anayang'ana kudenga. Zakia analuma mlomo, nawerengeranso yekha, n'kukweza ndege kumene mphepo inali yofatsa. Manambala anagwirizananso.

"Ukandiuze tikamafika pamalire pamene ahaji amavala nsalu zoyera," anatero Che Mustapha.

Nyanja Yofiira itaoneka, ndege itayamba kutsika, Zakia anati, "Tayandikira, ababa."

Mkuluyo anangoyang'anitsitsa pasikirini. Anali atatsamira kutsogolo, milomo ikuyenda popanda mawu, ndipo madzi ankatsika m'masaya n'kulowa m'ndevu. Zakia anali asanaonepo ababa ake akulira. Anabwezera maso pamawotchi.

Gombe linaoneka, kenako mzinda, kenako msewu woterapo ndi magetsi ake anayi.

"Timagetsi ito tikutanthauza chiyani, mnyamata?" anafunsa Che Mustapha akupukuta kumaso. "Tili bwino?"

Rowland anazengereza. "Sindingakuuzeni, bambo. Funsani a Zakia."

"Iwe si ndiwe mphunzitsi?"

"Maso angawa sasiyanitsa bwino mitundu. Chofiira chimandisokoneza. Ndinkafuna kuyendetsa ndege zenizeni, mayeso olemba ndinakhoza, koma adokotala atandionetsa timadontho tamitundumitundu, ulendo unathera pomwepo. N'chifukwa chake ndinamanga ichi."

Zakia anamva ngati wina wamufinya pamtima. Masiku onse aja ankayesa kuti akumuyesa, pamene mnyamatayo ankafunsa chifukwa sankaona.

"Awiri ofiira, awiri oyera," anatero Zakia. "Tili bwino, Rowland."

Matayala anakhudza pansi mofewa, ngati mayi akugoneka khanda.

"Alhamdulillah," anatero Che Mustapha, napuma mozama. Anakhala kanthawi akuyang'ana sikirini, kenako anadzuka. "Nthawi ya swala yakwana. Mzikiti uli pafupi apa. Zakia, undidikire pakhomo la shopu, pamene anthu akuona."

* * *

Anaima pakhonde la shopu, pakati pawo pali mpata woti njinga n'kudutsa. Akabaza ankaliza mabelu mumsewu, ndipo mayi wina ankaitanira mango.

"Bwanji sunandiuze za maso ako?" anafunsa Zakia. Anazindikira mawu atatuluka kale kuti wamutchula kuti iwe.

Rowland anamva. Anayang'ana pansi akumwetulira. "Ndinkaopa kuti udzati ukuphunzitsidwa ndi munthu wolephera."

"Ndiye mpango wanga uwu ukuuona wamtundu wanji?"

"Triza anati ndi wofiira. Ine ndimangoona kuti ndi wako. Ndimauzindikira uli kumlatho."

Zakia anabisa nkhope ndi nsonga ya mpangowo. Ataichotsa, maso ake anali onyowa.

"Ndikakhoza ku Lilongwe, ndidzakhala kutali. Sudzadandaula kuti ine ndapita kumene iwe anakukaniza?"

"Kudandaula ndidzadandaula, ndisakunamize. Koma ndege iliyonse ikadzadutsa pamwamba pa Malindi ndidzauza anthu kuti njira yake anakonza ndi Zakia, ngakhale ikhale ya eni ake."

"Nanga za tchalitchi ndi mzikiti?"

"Sindikudziwa," anayankha Rowland mosabisa. "Ndikanakhala ndi yankho ndikanakuuza. Koma sindikufuna kuti tilifunefune aliyense payekha."

Zakia sanagwire dzanja lake, poti anthu ankaona. Anangotola sikuludiraiva ija, imene inali idakali pansi, n'kumupatsira, ndipo kwa kanthawi onse awiri anaigwira, wina uku wina uku.

* * *

Pobwerera Che Mustapha anakana kabaza. Anayenda wapansi, manja kumbuyo, mwana wawo pambali.

"Ku Lilongwe upita, Insha Allah," anatero atadutsa pamsika. "Amako ndilankhula nawo ndine."

"Zikomo, ababa."

"Zinazo usafulumire. Mnyamata uja ali ndi ulemu, ndipo sanakuthandize pamene unafuna kuti akuthandize. Zimenezo ndazikonda. Koma ndili ndi maso, Zakia. Njira imene mwayamba awirinu ili ndi mapiri."

Sanati ayi. Zakia anaona zimenezo, ndipo mapazi ake ankangoyandama.

Atafika pakhomo anapeza nsapato zachilendo pamasitepe. M'chipinda chochezera, pamkeka, panakhala mayi wina wovala chitenje cha amayi a mpingo, tiyi wake atazizira osamwedwa. Abiti Dinala anakhala pafupi naye, atagwirana manja ngati pamaliro. Onse awiri maso anali ofiira.

"Awa ndi a Enid a ku Malindi," anatero Abiti Dinala, osayang'ana mwana wawo. "Amake a Rowland."

Zakia anagwada n'kupereka moni, mtima uli m'mwamba. Ankayembekezera mawu olasa, koma mayiyo anamugwira dzanja mwachifundo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Wafanana ndi amako ali mtsikana," anatero a Enid. "Mwanangu, sindinabwere kudzakangana. Triza atandionetsa chithunzi n'kutchula dzina la makolo ako, ndinasowa mtendere. Awa, uwauze ndiwe."

Abiti Dinala anapukuta maso ndi chitenje, natembenukira kwa amuna awo.

"Mukukumbuka kuti Shafi ndinakachirira kwa amama, kutsidya, pachipatala cha mishoni? Bedi loyandikana nalo linali la a Enid awa. Atabereka anadwala kwambiri, sankadziwa n'komwe kumene ali. Mwana wawo ankalira mpaka mawu kutha, ine mkaka uli tho. Ndinamunyamula." Anayang'ana pansi. "Mnyamata uja anayamwa bere langa, limodzi ndi Shafi."

Zakia anaphunzira ku madrasa, ndipo sanafunikire womumasulira. Mwana amene wayamwa kwa mayi ako mpaka kukhuta, maulendo asanu, ndi mlongo wako pamaso pa Mulungu, ndipo palibe shehe amene angamange ukwati wotero.

Che Mustapha anakhala pansi pang'onopang'ono, navula kofia.

"Kangati, Abiti Dinala?"

"Ine ndinali chikomokere," anatero a Enid. "Ndinangouzidwa pambuyo pake."

"Ndikufunsa inu, Abiti Dinala. Kawiri? Katatu? Kumbukirani bwino, nkhaniyi yagona pamenepo."

Abiti Dinala anakweza maso, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana mwana wawo. M'maso mwawo munalibenso ukali wa masiku aja.

"Mwana akamalira, bambo, munthu suwerenga."

Foni inanjenjemera m'dzanja la Zakia. Anaitembenuza pamwendo pake, n'kuwerenga meseji ya Rowland kudzera m'misozi.

*Mawa ndikupita ku Malindi. Ndikukawauza amayi za iwe.*